Cron imangoimba belu

Ndikapatsidwa seva ya webusaiti imene wina anakonza kale, sindiyambira kuwerenga code. Ndimayamba ndi cron, pulogalamu imene imayambitsa ntchito pa nthawi yoikika popanda munthu: ndimalemba crontab -l kuti ndione ndandanda yake, kenako ndimasuzumira mu /etc/cron.d. M'menemo ndi momwe mumabisala ntchito zimene palibe amaziona: backup ya usiku (kukopera data kuti isatayike), ma SMS okumbutsa anthu ngongole, kuwerengera chiwongoladzanja, kufufuta mafayilo akale, kutenga satifiketi yatsopano ya HTTPS yakaleyo isanathe. Tsamba limene kasitomala amaliona pa foni likasokonekera, foni yako imalira pasanathe mphindi khumi. Koma ntchito yakuseri ikaima, mungathe kumagona tulo tabwino miyezi itatu, inu ndi kasitomala yemwe, osadziwa kuti backup yomaliza inatengedwa chimanga chisanache.

Ambiri mwa makasitomala anga ndi mabungwe ang'onoang'ono: ma SACCO, sukulu zapulaiveti, mashopu ogulitsa katundu pangongole. Pempho lawo silisiyana kwenikweni. "Tikufuna kuti pa 25 paliponse system izitumiza yokha uthenga kwa aliyense amene sanalipire." Ukamva choncho umaona ngati ndi ntchito ya mphindi zisanu, ndipo kulemba mzere wakewo ndi mphindi zisanu ndithu. Chimene chimadya nthawi ndi mafunso amene kasitomala sanafunse. Nanga pa 25 seva itakhala yozima? Nanga uthengawo utapita kawiri? Nanga 25 yakeyo imayamba nthawi yanji, pa wotchi ya ndani?

Cron ndi yaikulu kuposa ambiri a ife amene timaigwiritsa ntchito. Inabadwira mu Unix ya ku Bell Labs m'zaka za m'ma 1970, ndipo imene ili m'ma Linux ambiri lero inachokera ku ija analemba Paul Vixie mu 1987. Kagwiridwe kake ka ntchito n'kosavuta. Mphindi iliyonse imayang'ana wotchi n'kuyerekeza ndi mizere imene mwailembera. Mzere uliwonse uli ndi zigawo zisanu za nthawi, zomwe ndi mphindi, ola, tsiku la mwezi, mwezi, ndi tsiku la sabata, kenako command yoti iyendetsedwe. Pamene mwaika nyenyezi ndiye kuti chilichonse chikuloledwa. Mukalemba

30 6 * * 1 /usr/bin/php /var/www/sacco/kumbutsa.php

ndiye kuti Lolemba lililonse, hafu pasiti 6 m'mawa, fayilo ya kumbutsa.php iyendetsedwe.

Amene munaphunzira pulayimale ya kumudzi mukukumbukira mnyamata uja ankapatsidwa wotchi ya a hedi, nthawi ikakwana n'kuthamangira pamtengo kukamenya chitsulo cha gudumu la galimoto. Udindo wake unkathera pomwepo. Kaya aphunzitsi alowa m'kalasi, kaya akadali pa tiyi, kaya phunziro lapitalo silinathe, izo sizinkamukhudza. Ndipo tsiku limene wajomba, belu la 10 koloko silinkabwezedwa mawa lake. Cron ili chimodzimodzi. Nthawi ikakwana imayambitsa command, bola makina akhale oyaka. Sinena kuti ntchitoyo itha, sinena kuti ichitika kamodzi kokha, ndipo nthawi ikadutsa makina ali chizimire, sibwerera m'mbuyo kukafunsa zimene inaphonya.

Mumzere momwemo muli misampha ingapo. Wotchuka kwambiri ndi wa masiku awiri aja, la mwezi ndi la sabata. Munthu amalemba 0 7 1 * 1 akuganiza kuti wanena "pa 1, ngati pagwera Lolemba". Cron simva choncho. Zigawo ziwirizi zikadzazidwa zonse, imayendetsa ntchito chimodzi mwa izo chikangokwana, ndiye kuti pa 1 paliponse komanso Lolemba lililonse. Lipoti loyenera kutuluka mwa apo ndi apo limayamba kutuluka kasanu pamwezi. Winanso ndi wa kugawa mphindi. Mukalemba */45 simupeza ntchito yoyenda pakatha mphindi 45 zilizonse. Mupeza yoyenda pa mphindi 0 ndi pa mphindi 45, kenako pakangotha mphindi 15 ola latsopano layamba, yayendanso.

Ndiye pali za kutha kwa mwezi. Cron wamba ilibe njira yonenera kuti "tsiku lomaliza la mwezi". Amene amaika 31 amadumpha Epulo, Juni, Sepitembala, Novembala ndi Febuluwale. Amene amaika 30 amangodumpha Febuluwale yekha, koma m'miyezi yaitali amatseka mabuku tsiku limodzi lisanathe. Ena amayendetsa ntchito kuyambira pa 28 mpaka pa 31, n'kuiuza kuti izifunsa kaye ngati mawa ndi pa 1. Zimagwira, koma ine ndimakonda kungodikira mwezi uthe: ntchito iyende pa 1 m'mbandakucha, itseke mwezi wapitawo. Tsiku la 1 lilipo m'mwezi uliwonse, ndipo malipiro onse a usiku wathawo amakhala atalowa.

Zina ndi zazing'ono koma zimadya munthu tsiku lathunthu. Command imene ikuyenda bwinobwino mukailemba pamanja ikhoza kukana mu cron, chifukwa cron sinyamula zonse za mu shell yanu. PATH yake, mndandanda wa malo amene imafunamo mapulogalamu, nthawi zambiri ndi /usr/bin ndi /bin basi. Lembani njira yonse ya pulogalamu. Pa hosting ya cPanel onaninso ngati php imene cron ikuitana ndi yomweyo imene webusaiti ikugwiritsa ntchito, chifukwa pamakhala ma version angapo. Chizindikiro cha % mu crontab chimatengedwa ngati kuyamba mzere watsopano, choncho amene amaika date +%F m'dzina la fayilo ya backup popanda kutsogoza \ amadula command yake pakati. Ndipo pa Debian ndi Ubuntu, fayilo imene dzina lake lili ndi dontho, monga backup.sh, mukaiika mu /etc/cron.daily imangodumphidwa mwakachetechete.

Nkhani ya wotchi ndiyo imandisangalatsa, chifukwa ife a kuno ili ndi kamsampha kake kapadera. Malawi ali maola awiri patsogolo pa UTC, nthawi imene mayiko onse amawerengerapo maola awo, chaka chonse, ndipo sitisintha mawotchi. Koma ma seva athu ambiri sakhala kuno. Bungwe lina lobwereketsa ndalama linandiitana chakumayambiriro kwa Novembala, a manejala akudandaula kuti, "Achimwene, system yathuyi yayamba ulesi. Ma SMS ankafika 6 koloko anthu asananyamuke, pano akumafika 7 koloko ali kale mu minibasi." Palibe anakhudza code. Amene anawakonzera system anabwereka seva ku Germany m'nyengo yomwe kumeneko kuli chilimwe, n'kuisiya pa nthawi ya Berlin. Anayang'ana wotchi ya seva, n'kuyang'ana ya padzanja, zinafanana, ndipo sanalakwitse kuwerenga. Kuyambira Lamulungu lomaliza la Malichi mpaka Lamulungu lomaliza la Okutobala, Berlin ndi Lilongwe zimakhala pa ola limodzimodzi. Okutobala akamatha iwo amabweza wotchi m'mbuyo ndi ola limodzi, ife tili pomwepo. Vuto loterolo limadzikonzanso lokha mu Malichi, ndiye ngati simukudziwa gwero lake mukhoza kuthokoza munthu amene sanachite kalikonse.

Kusiya seva pa nthawi ya dziko losintha mawotchi kuli ndi zinanso. Usiku umene a ku Berlin amakankhira wotchi patsogolo, 2:30 kulibe. Usiku umene amaibweza, 2:30 imachitika kawiri. Cron ya Debian imayesetsa kuthana nazo pa ntchito za nthawi yokhazikika, koma si pulogalamu iliyonse yokonza ndandanda imatero, ndipo malangizo a Laravel, chida chopangira mawebusaiti ndi PHP, amachenjeza poyera kuti ntchito ikhoza kuyenda kawiri kapena kusayenda n'komwe.

Seva ya pa UTC ilibe matenda amenewo, koma ili ndi ake. Mukaika 0 6 pofuna 6 koloko, uthenga ufika 8 koloko. Izi munthu amaziona tsiku loyamba n'kukonza. Zobisika ndi za liwu loti "lero". Pakati pa 12 koloko usiku ndi 2 koloko m'mbandakucha, kuno tsiku latsopano layamba kale koma ku UTC lidakali dzulo. Ntchito yoyenda 1 koloko usiku ikafunsa seva kuti lero ndi pa chani, imauzidwa tsiku ladzulo. Munthu amene walipira ndi foni 12:40 usiku wolowa pa 1 amawerengedwa m'mwezi wapita, ndipo akauntanti akamafananitsa lipoti lanu ndi statement yake amapeza kusiyana kumene sakumvetsa. Laravel, komanso zida za Python monga Celery ndi project yatsopano ya Django, zonse zimayambira pa UTC mpaka mutazisintha nokha. Ine ndimasiya seva ndi database pa UTC, koma ndandanda ndimaiuza kuti igwiritse Africa/Blantyre, ndipo tsiku la lero ndimaliwerengera malo amodzi okha m'code, pa nthawi ya kuno, n'kulipereka kwa aliyense wolifuna. SACCO imene ili ndi mamembala ku Britain ndiye imafuna kuti aliyense akhale ndi time zone yake, chifukwa London imakhala kumbuyo kwathu ndi maola awiri m'nyengo yawo yozizira, ndi ola limodzi m'chilimwe chawo.

Tsopano pa nkhani imene ndimakanganirana ndi anzanga, ya ntchito yoyenda kawiri.

Tinene kuti muli ndi ntchito yotumiza ma SMS, imayenda mphindi zisanu zilizonse. Masiku ambiri imatha m'masekondi makumi awiri. Tsiku lina netiweki yavuta, uthenga uliwonse ukutenga nthawi, ntchito yafika mphindi zisanu ndi ziwiri isanathe. Cron siidikira. Imayambitsa inzake, ndipo inzakeyo imapeza mayina omwewo amene yoyamba sinawafikire kapena sinawalembe kuti atumiziridwa. Membala amalandira mauthenga awiri ofanana, bungwe limalipira kawiri. Ngati ntchitoyo inali yoika chindapusa kwa ochedwa kubweza, ndiye kuti mawa lake pakauntala pali mzere wa anthu okwiya, ndipo akukwiya mwachilungamo.

Mankhwala oyamba ndi loko. Pa Linux pali flock: mukatsogoza flock -n /tmp/sms.lock pa command yanu, yachiwiri ikapeza yoyamba idakali m'kati imangotuluka. Ubwino wake ndi wakuti loko imamasuka yokha pulogalamu ikafa, kaya yafa bwino kaya yaphedwa. Loko zopanga pamanja, zija zoti ntchito ilembe kafayilo poyamba n'kukafufuta pomaliza, zimatsala chikhomere magetsi akazima pakati, ndipo ntchitoyo siyendanso mpaka wina akazichotse. Mu Laravel muli withoutOverlapping, koma dziwani kuti loko yake ikasiyidwa chikhomere imadikira maola 24 isanamasuke, pokhapokha mutaipatsa mphindi zanu. Pa ntchito ya mphindi zisanu zilizonse, tsiku lathunthu ndi lalitali kwambiri.

Bungwe likakula n'kukhala ndi ma seva awiri, flock yathera pomwepo, chifukwa imangodziwa za makina ake. Laravel ili ndi onOneServer, yofuna cache imene ma seva onse akuiona limodzi, monga Redis kapena database. A Python amene amagwiritsa Celery amadziwa lamulo loti beat, gawo lake losunga ndandanda, iyende imodzi yokha. Ngakhale Kubernetes, pulogalamu yoyendetsa ntchito pa ma seva ambirimbiri, ndi ukulu wake wonse, m'malangizo ake a CronJob imavomera kuti nthawi zina ikhoza kuyambitsa ntchito ziwiri kapena osayambitsa n'imodzi yomwe, n'kukulangizani kuti mulembe ntchito yoti ikabwerezedwa isawononge kanthu. Ngati iwo akunena choncho, ine ndi VPS yanga imodzi, kaseva kobwereka, ndingalonjeze chiyani?

Komanso loko iliyonse imangoletsa ntchito ziwiri kuyenda nthawi imodzi. Siletsa yachiwiri kuyenda yoyamba itatha. Ndipo amene amayendetsa yachiwiriyo kawirikawiri ndi munthu: wa ku ofesi waona ngati mauthenga sanapite, wadina batani, kapena mnzathu wa makompyuta akuyesa chinachake masana n'kuyendetsa command pamanja. Choncho ine loko ndimaiika, koma sindiidalira. Chimene ndimadalira ndi database.

Ndimapanga tebulo, tinene la zikumbutso, lokhala ndi nambala ya ngongole, mtundu wa uthenga, ndi tsiku limene uthengawo ukuimira. Zitatuzi pamodzi ndimaziika unique, kutanthauza kuti database ikane mzere wachiwiri wofanana pa zonse zitatu. Ntchito isanatumize kanthu imayamba yalemba mzere m'tebulomo. Mu PostgreSQL ndi INSERT yokhala ndi ON CONFLICT DO NOTHING. Mzere ukalowa, uthenga upite. Ukakanidwa ndiye kuti wina anafika kale, pitirirani kwa wotsatira. Chindapusa n'chimodzimodzi: ngongole iyi, mwezi uwu, mtundu uwu, kamodzi. Mukatero mungathe kuyendetsa ntchitoyo kakhumi motsatizana, pa ma seva atatu, membala alipitsidwa kamodzi basi. Amene akukana si code yanga imene ingakhale ndi cholakwika, koma database yeniyeniyo.

Tebulo limeneli limasinthanso funso limene ntchito imafunsa, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Ntchito zambiri zimene ndimazipeza zimafunsa kuti, "Ndani amene tsiku lake ndi lero?" Funso limeneli limafuna kuti belu lilire tsiku lililonse osaphonya. Likaphonya Lachitatu, anthu a Lachitatu aiwalika mpaka kalekale, chifukwa Lachinayi ntchito ifunsa za Lachinayi. Funso labwino ndi loti, "Ndani amene tsiku lake lakwana kapena ladutsa, koma alibe mzere m'tebulo?" Likafunsidwa choncho, zilibe kanthu kuti ntchito yayenda mochedwa, yayenda kawiri, kapena yajomba masiku atatu. Ikangodzuka imatola zonse zotsalira. Chiwongoladzanja cha tsiku ndi tsiku ndimachichita motero: ngongole iliyonse imasunga tsiku lomaliza limene linawerengeredwa, ndipo ntchito imayenda tsiku limodzilimodzi kuchokera pamenepo mpaka lero. N'chifukwa chake ntchito zanga zambiri "za tsiku ndi tsiku" ndimaziyendetsa ola lililonse. Maulendo ambiri sizipeza chochita n'kugonanso, ndipo palibe chatayika.

Pali kampata kamodzi kamene sikatsekeka kwathunthu, ndipo ndi bwino kukadziwa. Kulemba mu database ndi kutumiza uthenga ndi zinthu ziwiri, pa makina awiri osiyana. Magetsi akhoza kuzima pakati pake. Mukayamba kulemba kenako kutumiza, tsiku lina mudzalemba uthenga umene sunapite. Mukayamba kutumiza kenako kulemba, tsiku lina mudzatumiza kawiri. Muyenera kusankha choipa chimene mungapirire, ndipo kusankhako n'kwa bizinesi osati kwa code, choncho ndimafunsa mwini wake. Pa uthenga wokumbutsa, ambiri amati kuli bwino upite kawiri kusiyana n'kusapita. Pa ndalama yankho ndi lina. Ngati system ikutumiza ngongole ku Airtel Money kapena Mpamba ya membala, ndipo mwapempha koma yankho silinabwere, musayerekeze kungobwereza. Kusayankhidwa sikutanthauza kuti ndalama sizinapite. Ndimapanga nambala yanga ya transaction, kuisunga ndisanapemphe, ndipo yankho likasowa mzerewo umakhala "wosadziwika" mpaka ntchito ina itafunsa kwa otumiza ndalamawo ndi nambala yomweyo. Zikakanikabe, munthu aziyang'ane ndi maso. Ndalama zochedwa ola limodzi anthu amakhululuka. Zopita kawiri kuzibweza kwake ndi mlandu.

Ntchito zikachuluka, cron ndimaipatsa udindo wochepa kwambiri: kungoika zochita pamzere, ena azichita. Apa anzanga ena amathamangira Redis, RabbitMQ, mwinanso seva ina yapadera. Sindikana kuti zili ndi malo ake, koma seva iliyonse imalipidwa ndi madola, ndipo chiyambire pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kasitomala wamng'ono amamva kuwawa pa makina alionse owonjezera. PostgreSQL kuyambira version 9.5, ya mu 2016, ili ndi FOR UPDATE SKIP LOCKED, imene imalola ogwira ntchito angapo kutola mizere m'tebulo limodzi osalimbirana; MySQL inaipeza mu 8.0. Kwa SACCO ya mamembala masauzande ochepa, database imene muli nayo kale ndi yokwanira.

Si system iliyonse ili kunja. Zina zili pa kompyuta ya pansi pa desiki mu ofesi, imene mlonda amaizimitsa madzulo, kapena magetsi amaizimitsa okha. Kuika backup 2 koloko usiku pa makina otero n'kudzinamiza. Apa ndi pamene anacron imathandiza: siyang'ana ola, imayang'ana kuti papita masiku angati ntchito isanayende, ndipo makina akayaka imabweza. Ma timer a systemd amachitanso zomwezo mukaika Persistent=true, ndipo ndimawakonda chifukwa systemctl list-timers imakuonetsani pomwepo kuti ntchito inayenda liti ndipo iyendanso liti. Koma zonse ziwiri zimabweza kamodzi, osati kamodzi pa tsiku lililonse lophonyedwa, ndiye funso lija la zotsalira likufunikabe. Ndipo ikani malire a nthawi. Magetsi akabwera 11 koloko usiku, makina n'kudzuka okha, simufuna kuti mamembala mazana adzutsidwe ndi foni yowakumbutsa ngongole. Ntchito zanga zotumiza mauthenga zimayamba zayang'ana wotchi: kunja kwa 6 koloko m'mawa mpaka 7 koloko madzulo, zimadikira.

A WordPress mawu awiri okha. WP-Cron si cron yeniyeni. Imadzuka munthu akatsegula tsamba. Webusaiti ya sukulu imene usiku palibe amaitsegula, nkhani yoikidwa kuti ituluke 5 koloko m'mawa imatha kudikira mlendo woyamba, nthawi zina n'kulembedwa kuti Missed schedule. Ikani DISABLE_WP_CRON mu wp-config.php, kenako cron ya seva iziitana wp-cron.php mphindi zisanu kapena khumi zilizonse.

Kachizolowezi kena kamene ndinatengera kwa a Debian: ntchito zawo za ola lililonse zimayenda pa mphindi 17, za tsiku ndi tsiku pa 6:25. Aliyense amakonda kulemba 0 0, ndiye pakati pa usiku backup, malipoti ndi kufufuta zonse zimadzukira limodzi n'kulimbirana database, komanso ma API a anthu ena amakhala akupanikizidwa ndi dziko lonse pa mphindi yomweyo. Ngakhale GitHub imachenjeza kuti ntchito za pa ndandanda zikhoza kuchedwa kumayambiriro kwa ola. Sankhani mphindi yosaoneka bwino, 23 kapena 41, ndipo ntchito zolemera muzitalikitsane.

Chatsala ndi chete. Mzere umene malangizo a Laravel amapereka ndi uwu:

* * * * * cd /var/www/app && php artisan schedule:run >> /dev/null 2>&1

Kumapetoko ukunena kuti chilichonse chimene command ilankhule, chabwino kapena cholakwika, chitayidwe. Pa mzere umenewu pali chifukwa chake, poti umayenda mphindi iliyonse ndipo Laravel ili ndi log yake, fayilo yolembamo zimene zachitika. Koma anthu amakopera mchirawo n'kuuika pa ntchito iliyonse, ndi backup yomwe. Mwachibadwa cron imatumiza imelo ya zimene command yalankhula kwa mwini crontab kapena ku adiresi ya MAILTO, koma ma VPS ambiri alibe pulogalamu yotumizira imelo, ndiye madandaulo ake samveka kulikonse. Lembani zotuluka mu fayilo, ndi tsiku ndi nthawi, ndipo logrotate iziidula isanadzaze disk.

Log imathandiza ntchito ikayenda n'kulephera. Ikapanda kuyenda n'komwe, log imakhala yoyera, ndipo log yoyera imaoneka ngati mtendere. Wina anasamutsa seva n'kuiwala crontab, wina anasintha password ya database, disk inadzaza. Njira imene ndimaidalira ndi yotembenuza udindo: ntchito ikamaliza bwino iziuza wina wakunja kuti yamaliza, ndipo wakunjayo akapanda kumva pa nthawi yake, ndiye akuwe. Healthchecks.io imachita zimenezi, ndipo code yake ndi yotseguka moti mungathe kuiyendetsa pa seva yanu, bola isakhale seva yomweyo imene mukuilondera. Pali zinanso monga Cronitor. Kumapeto kwa command mumangoika && ndi curl, command yoitana adiresi ya pa intaneti, yopita ku adiresi imene akupatsani. Ma & awiriwo ndi ofunika: curl iyende pokhapokha ntchito yatha bwino. Ndaonapo mzere umene anaika chizindikiro cha ; m'malo mwake, moti backup imalephera usiku uliwonse koma uthenga woti zonse zili bwino umapita mokhulupirika.

Satifiketi za HTTPS nazo zalowa m'gulu lomweli. Za Let's Encrypt zakhala zikutha pa masiku 90, ndipo certbot, pulogalamu yozitengera, imaika yokha ntchito yoyang'ana kawiri patsiku. Kale ntchitoyo ikafa, Let's Encrypt inkakutumizirani imelo yochenjeza kuti satifiketi yatsala pang'ono. Anasiya kutumiza maimelo amenewo mu Juni 2025. Amene ankadalira imeloyo osadziwa kuti akuidalira, pano woyamba kuwauza ndi kasitomala amene browser yamukaniza kulowa.

Chenjezo la ntchito imene yakhala chete ndimalitumiza kwa anthu awiri, ine ndi mmodzi wa ku ofesi ya kasitomala, makamaka akauntanti. A manejala ena amakana poyamba, amati zimenezo n'za inu a makompyuta. Ndimawayankha kuti ine ndikhoza kukhala kumaliro kumudzi kopanda netiweki, ndipo akauntanti ngakhale sadziwa kukonza, amadziwa kuti lero asadalire lipoti mpaka wina aone. Uthengawo ndimaulemba m'chilankhulo cha anthu, "Backup ya usiku sinachitike, imbirani foni", osati dzina la fayilo.

Ndipo pa backup, kumva kuti ntchito yatha bwino sikundikwanira. Script yanga imayang'ana kukula kwa fayilo isanalengeze kuti yamaliza. Ikakhala yaing'ono kuposa theka la yadzulo, imadziwerengera kuti yalephera. Fayiloyo imakopedwanso kupita kumalo ena, kunja kwa seva. Kamodzi pamwezi ndimatenga backup yaposachedwa, kuithira mu database yopanda kanthu pa laputopu yanga, n'kuwerengera ndalama zonse zimene zili kunja pangongole ndi chiwerengero cha mamembala. Manambala awiriwo ndimawatumiza kwa akauntanti pa WhatsApp kuti awafananitse ndi lipoti lawo la tsiku limenelo.